Kuchotsa kochi kontrakiti isanathe: njira iti imaboola thumba pang'ono?

Pa 11 Novembala 2023 timu ya yunivesite ya Texas A&M idakwapula Mississippi State 51-10. Kutangocha, kochi wake Jimbo Fisher adauzidwa kuti ntchito yatha. Sadachoke chimanjamanja. Sukuluyo idavomera kumupatsa pafupifupi $77 miliyoni: yoposa $19 miliyoni m'masiku 60 oyamba, kenako $7.2 miliyoni chaka chilichonse mpaka 2031. Kontrakiti yake idalibe ndime yoti akapeza ntchito ina ndalamazo zichepe. Kaya akhale pakhonde kapena akaphunzitse timu ina, cheke chimabwera chimodzimodzi.

Masewero omwe tikunena pano ndi mpira wa chiAmerika, uja wovala zipewa zolimba, ndipo matimu ake ndi a mayunivesite. Musaganize za timu ya ana asukulu yosewera pabwalo lafumbi. Bwalo la Texas A&M, Kyle Field, limalowa anthu oposa 102,000, ndipo m'zigawo zambiri za dziko la America wantchito waboma wolandira ndalama zambiri kuposa onse si bwanamkubwa kapena dotolo, koma kochi wa mpira payunivesite ya boma. Kochi wotereyu akayamba kugonja, mkulu wa nthambi ya zamasewero amakhala ndi njira zingapo: kumuchotsa lero n'kulipira zonse, kudikira, kukambirana naye kuti alandire zochepa, kumupezera mlandu, kapena kumusunga koma atamudula malipiro. Iliyonse ili ndi mtengo wake, ndipo mtengo umene manyuzipepala amalemba ndi zilembo zikuluzikulu nthawi zambiri si umene uyenera kuwerengedwa.

Kaye tiwerenge bwino

Anthu akamva $77 miliyoni amati sukuluyo idataya ndalama zonsezo tsiku lomwe idachotsa Fisher. Ayi. Idazitaya mu 2021. Fisher adabwera kuchokera ku Florida State mu Disembala 2017 pa kontrakiti ya zaka 10 ya $75 miliyoni. Mu 2020 timu idapambana masewero 9 n'kugonja amodzi okha, ndipo chaka chotsatira mabwana, mwachimwemwe, adaiwonjezera kuti ifike 2031 pamtengo wa pafupifupi $95 miliyoni, yonse yotsimikizika. Kuyambira tsiku losainiralo, ndalamazo zidali za Fisher, akhale kapena apite. Madzi akatayika saoleka.

Tsono funso lenileni ndi ili: kumuchotsa kukuwonjezera chiyani pamwamba pa ngongole yomwe ilipo kale? Choyamba ndi malipiro a kochi watsopano. Mike Elko adabwera kuchokera ku Duke pa ndalama zokwana pafupifupi $7 miliyoni pachaka, ndiye kuti mpando umodzi udayamba kudya pafupifupi $14 miliyoni pachaka, theka kwa woukhala, theka kwa wouchoka. Chachiwiri, kochi sachoka yekha. Ali ndi omuthandizira khumi kapena kuposa, ena a iwo olandira ndalama zoposa $1 miliyoni pachaka pa makontrakiti a zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo wobwerayo amafuna anthu akeake. Chachitatu, kochi wabwino sapezeka ali lova. Ali pantchito kwina, ndipo kumuzula kumeneko kumafuna kulipira sukulu yakeyo. Pamene Alabama idatenga Kalen DeBoer ku Washington mu Januwale 2024, Nick Saban atapuma, mtengo womumasulira udali $12 miliyoni. Chachinayi ndi osewera. Kuyambira 2018 kuli kaundula wa osewera ofuna kusamuka, ndipo malamulo amawatsegulira khomo mwapadera kochi akachoka. Ana amene adalonjeza kubwera chaka chamawa nawonso amasintha maganizo.

Mbali inayo nayo iwerengedwe. Kusunga kochi wogonja kumatayitsa chiyani? Apa pali chinthu chimene ambiri saona. Gwero lalikulu la ndalama m'masukulu akuluakulu ndi mawailesi a kanema, ndipo m'maligi ngati SEC ndi Big Ten ndalama zimenezi amagawana mosayang'ana yemwe wapambana. Sukulu iliyonse ya mu SEC imalandira zoposa $50 miliyoni pachaka, ikhale pamwamba kapena kunsonga. Big Ten idasainirana ndi Fox, CBS ndi NBC mgwirizano wa zaka zisanu ndi ziwiri woposa $7 biliyoni. Kugonja sikukhudza zimenezi. Chimene chimakhudzidwa ndi matikiti, zipinda zapamwamba zowonereramo mpira, ndi mphatso za mpondamatiki amene adaphunzira pasukulupo. Anthu amenewa akakwiya n'kutseka zikwama, kochi ndiye wapita, ngakhale mkulu wa zamasewero akhale akumukonda bwanji.

Kumuchotsa lero n'kulipira zonse

Ubwino wa njirayi ndi woti ndi yoyera. Palibe khothi, palibe kutukwanizana, makochi ena amaona kuti sukuluyi imasunga mawu, ndipo mumayamba kusaka wina anzanu asanadzuke. Ross Bjork, amene adali mkulu wa zamasewero ku Texas A&M, adafotokoza kuti timu idali itangoima pamodzimodzi. Fisher adapambana masewero 45 n'kugonja 25, zomwe kusukulu zambiri zikadakhala zonyadira, koma osati kwa anthu amene akhala akudikira chikho cha dziko lonse kuyambira 1939. Gawo loyamba la ngongoleyo lidachokera ku 12th Man Foundation, bungwe la anthu othandiza timuyo, ndipo zapachaka zidaikidwa pamsana pa nthambi ya zamasewero. Mu 2025 timu ya Elko idapambana masewero 11 oyamba motsatizana n'kulowa m'ndime yachipulula yolimbirana chikho. Kwa iwo zidayenda.

Koma onani Auburn. Mu Disembala 2020 idachotsa Gus Malzahn, munthu amene adapambana 68 n'kugonja 35 ndipo adagonjetsapo Alabama ya Saban katatu. Mtengo wake udali $21 miliyoni ndi kadaulo, theka lake m'masiku 30. Wolowa m'malo, Bryan Harsin, sadamalize ndi nyengo ziwiri zomwe: adapambana 9, kugonja 12, n'kuchotsedwa mu Okutobala 2022 ndi ndalama zoposa $15 miliyoni. Kudabwera Hugh Freeze, nayenso adaonetsedwa msana wa njira mu Novembala 2025 atagonja masewero ambiri kuposa omwe adapambana, ndipo ngongole yake idalinso yoposa $15 miliyoni. Phatikizani: zoposa $50 miliyoni m'zaka zisanu, kulipira anthu atatu kuti asagwire ntchito, ndipo palibe mwa awiri otsatirawo amene adafika pomwe Malzahn adali.

Auburn si tsoka lapadera. Akatswiri atatu a zamaphunziro, mmodzi mwa iwo Scott Adler wa ku University of Colorado, adasanthula matimu a m'gulu lapamwamba kuyambira 1997 mpaka 2010, kufananiza omwe adasintha kochi ndi anzawo ofanana nawo omwe sadasinthe. Adapeza kuti matimu ofookeratu sapindula kwenikweni akasintha, pomwe matimu apakatikati amachita moipirako kuposa anzawo amene adangopirira. Zinthu zasintha kuchokera nthawi imeneyo, chifukwa lero kochi watsopano atha kubweretsa osewera makumi angapo m'mwezi umodzi, koma chenjezo lake likadalipo. Sukulu zomwe zimakonda kuchotsa mwaphuma ndi zapakatikati zomwezo, zopambana masewero 7 kapena 8 koma zodziona ngati zoyenera 11.

Njirayi ndi ya sukulu yokhala ndi anthu olemera okonzeka kulemba cheke sabata yomweyo, komanso yodziwa kale dzina la munthu amene ikumufuna. Kuchotsa kaye n'kumadzafunsa pambuyo kuti tilemba ndani ndiko kumabala nkhani ngati ya Auburn.

Kudikira

Makontrakiti ambiri ali ndi masiku omwe ngongole imatsika. Nkhani yotchuka ndi ya Scott Frost ku Nebraska. Frost adali mwana wapakhomo, amene adatsogolera timuyo pabwalo pomwe idatenga chikho mu 1997, koma ngati kochi adapambana 16 n'kugonja 31. Pa 10 Seputembala 2022 Nebraska idagonja pakwawo 45-42 ndi Georgia Southern, timu yaing'ono yomwe imayenera kungobwera kudzalandira ndalama zake n'kumapita. Tsiku lotsatira mkulu wa zamasewero Trev Alberts adamuchotsa ndi $15 miliyoni. Akadadikira mpaka pa 1 Okutobala, ngongoleyo ikadatsika kufika $7.5 miliyoni. Masabata atatu okha, $7.5 miliyoni.

Omuikira kumbuyo Alberts amati sakadachitira mwina: osewera adali atataya mtima, ochemerera adali atatopa, ndipo sukulu yomwe yakhala ikugulitsa matikiti onse pamasewero apakhomo kuyambira 1962 siyingasewere ndi mkwiyo wa anthu ake. Ine sindikhutira. Wolowa m'malo, Matt Rhule, adalembedwa kumapeto kwa Novembala. Palibe chimene chidachitika pakati pa 11 Seputembala ndi 1 Okutobala chomwe chidamubweretsa, ndipo timuyo idamalizabe chakacho ndi masewero anayi okha opambana. Ndalamazo zidagula mpumulo wa mitima, basi. Tsiku lotsika ngongole likakhala pafupi chonchi, kudikira kuli ndi phindu looneka ndi maso.

Kudikira chaka chathunthu ndi nkhani ina. Ngongole imatsika ndi malipiro a chaka chimodzi, koma malipirowo mwawalipirabe, kusiyana kwake n'koti munthuyo wawagwirira ntchito ndipo simukulipira wachiwiri. Zoopsa zake ndi ziwiri. Aliyense amadziwa kuti kochiyo ali pamadzi, choncho makochi a sukulu zina amauza makolo a ana aluso kuti musatumize mwana kwa munthu amene sadzakhalapo chaka chamawa. Komanso omuthandizira abwino amayamba kufunafuna kolowera. Timu imene mudzapatse wobwerayo idzakhala yowonda kuposa ya lero.

Pali amene kupirira kudawalipira. Frank Beamer ku Virginia Tech adapambana masewero awiri okha mu 1992, chaka chake chachisanu ndi chimodzi. Adamusunga, n'kusintha ena mwa omuthandizira, ndipo adakhala mpaka 2015, timuyo ikulowa masewero akumapeto kwa nyengo zaka 23 zotsatizana. Dabo Swinney ku Clemson adagonja 7 n'kupambana 6 mu 2010, anthu akufuula kuti achoke; adadzatenga chikho cha dziko lonse kawiri, cha nyengo ya 2016 ndi cha 2018. Koma nkhanizi timazikumbukira chifukwa ndi zosowa, ndipo onse awiri panthawiyo adali otchipa. Kudikira kwa masiku ano nthawi zambiri si chikhulupiriro, ndi umphawi chabe. Florida State idapambana masewero awiri n'kugonja 10 mu 2024, idachitanso mosakondweretsa mu 2025, koma Mike Norvell adatsalabe, ngongole yomuchotsera ili pamwamba pa $50 miliyoni. Sukulu yomweyi idali itawotcha kale pafupifupi $18 miliyoni pochotsa Willie Taggart mu 2019 atangotsogolera masewero 21.

Kukhala pansi n'kukambirana

Iyi ndiyo njira imene ndimaiona ngati yanzeru kwa sukulu zambiri, ngakhale simveka kwambiri chifukwa ilibe phokoso. Maziko ake ndi oti kochi ndi sukulu safuna chinthu chimodzi. Sukulu ikufuna chiwerengero chitsike. Kochi akufuna ndalama m'manja msanga, dzina losadetsedwa, ndi ufulu wokagwira ntchito kwina popanda wina kumuwerengera zomwe akulandira.

Mfundo yomalizayi ndiyo mtima wa nkhani. Makontrakiti ambiri, kusiyana ndi ya Fisher, amati kochi wochotsedwa ayesetse kupeza ntchito ina, ndipo zomwe azilandira kumeneko zizichotsedwa pa ngongole ya sukulu yakale. Papepala zikuoneka zotetezera sukulu. Pochitika zimabala mikangano. Bret Bielema atachotsedwa ku Arkansas mu 2017 ndi ngongole ya pafupifupi $12 miliyoni, adakagwira ntchito ku New England Patriots pamalipiro ochepa. Bungwe lothandiza timu ya Arkansas lidasiya kumulipira, likuti sakusaka ntchito moona mtima; iye adakasuma, ndipo adadzamvana kunja kwa khothi mu 2021. Ndime ngati imeneyi imasandutsa sukulu kukhala mlonda wa munthu amene idamuchotsa. Choncho mbali zonse zimakhala ndi chifukwa choigulitsira: kochi avomere zochepa, sukulu imumasule.

Indiana idachita zimenezi ndi Tom Allen mu Novembala 2023. Kontrakiti imati $20.8 miliyoni yolipidwa pang'onopang'ono, adagwirizana $15.5 miliyoni yolipidwa mwachangu, ndipo Allen adapita kukakhala wothandizira ku Penn State wopanda chingwe. Indiana idalemba Curt Cignetti kuchokera ku James Madison, ndipo timu yomwe idali chiseko cha Big Ten idapambana masewero 11 chaka choyamba chomwecho.

Ya James Franklin, amene adali kochi wa Penn State, ndiyo yodabwitsa kwambiri. Mu Januwale 2025 Penn State idali m'ndime ya matimu anayi omaliza. Pofika pa 12 Okutobala, itagonja ndi Oregon, UCLA ndi Northwestern motsatizana, Franklin adachotsedwa, ndipo mitu ya nkhani idali pa ngongole ya pafupifupi $49 miliyoni. Patangotha mwezi Virginia Tech idamulemba ntchito, ndipo malipoti adati adamvana ndi Penn State pa $9 miliyoni. Apa muone kuti kochi amene msika ukumufunabe ndi wotchipa kumuchotsa kuposa amene watheratu. Ndi zopweteka mutu, koma ndi momwe masamu ake alili: mukadikira mpaka aliyense aone kuti munthuyo walephera, palibe adzamulembe, ndipo ngongole yonse idzakhala yanu.

Kukambirana kumathekanso pa nthawi ya kuchoka. Ed Orgeron, amene adapatsa Louisiana State University (LSU) chikho cha nyengo ya 2019, adamvana ndi sukulu mu Okutobala 2021 kuti amalize nyengoyo kenako apite ndi $16.9 miliyoni. Ndalama sizidatsike, koma sukulu idapeza pafupifupi mwezi ndi theka wosaka munthu poyera, timu ili ndi woiyang'anira.

Kufooka kwa njirayi n'koti kochi atha kukana, ndipo pepala lili kumbali yake. LSU yomweyo idaphunzira zimenezi mu 2025. Idachotsa Brian Kelly pa 26 Okutobala, itathidzimulidwa pakwawo 49-25 ndi Texas A&M ya Elko. Ngongole idali pafupifupi $54 miliyoni. Sukulu idayesa kumupatsa zochepa, iye adakana. Bwanamkubwa wa Louisiana, Jeff Landry, adalowerera n'kudzudzula poyera mkulu wa zamasewero Scott Woodward, amene adachoka sabata yomweyo (Woodward yemweyu ndiye adalemba Fisher ku Texas A&M mu 2017). Maloya a Kelly adakasuma, akuti sukulu ikufuna kutembenuza nkhani kuti ioneke ngati adachotsedwa pamlandu, ndipo kumapeto kwa Novembala LSU idavomereza polemba kuti idamuchotsa wopanda mlandu. Kukambirana kumayamba munthu asanalengezedwe kuti wachotsedwa. Mukalengeza kaye, mwataya chogulitsa.

Kumupezera mlandu

Kontrakiti iliyonse imati kochi akaphwanya malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji, kapena akachita zochititsa manyazi sukulu, achoka wopanda kalikonse. Ngongole ikakula, ndimeyi imayamba kunyezimira m'maso mwa mabwana.

Nthawi zina mlandu umakhalapodi. Tennessee idachotsa Jeremy Pruitt mu Januwale 2021 pankhani yopatsa osewera ndalama mobisa, n'kupewa kulipira $12.6 miliyoni. Koma kuti ipewe, idayenera kudziulula yokha, ndipo mu 2023 NCAA idailipiritsa chindapusa cha $8 miliyoni, kuwonjezera pa kuchepetsedwa kwa malo a osewera ndi ndalama za maloya. Phindu lidalipo koma laling'ono kuposa momwe lidamvekera poyamba. Michigan State idachotsa Mel Tucker mu Seputembala 2023 pankhani yokhudza khalidwe lake, pafupifupi $80 miliyoni ya kontrakiti yake ya $95 miliyoni isanalipidwe, ndipo iye adakasuma. Northwestern idachotsa Pat Fitzgerald mu Julaye 2023 pankhani ya nkhanza zomwe osewera amachitirana. Adasumira sukuluyo $130 miliyoni, ndipo adamvana mu 2025.

Pamene mlandu wapezeka pambuyo poti anthu atopa kale ndi kugonja, oweruza amanunkhiza msanga. Kevin Ollie, kochi wa basketball ku University of Connecticut, adatenga chikho cha dziko lonse mu 2014. Mu Malichi 2018, atachita moipa nyengo ziwiri, adachotsedwa pomunena kuti adaphwanya malamulo a NCAA. Mu Januwale 2022 woweruza mkangano adalamula sukuluyo imulipire zoposa $11 miliyoni, ndipo idadzawonjezanso $3.9 miliyoni pothetsa madandaulo ena. Zaka zinayi za maloya, kenako n'kulipira zoposa zomwe amazithawa, pasukulu yomwe nthambi yake ya zamasewero imadalira kale thandizo la yunivesite. Kansas idachotsa kochi wake wa mpira David Beaty mu 2018 itamulonjeza $3 miliyoni, kenako idakana kulipira ikuti pali kafukufuku. Mu 2020 idalipira $2.55 miliyoni, itadzivula yokha pagulu m'makalata a khothi. Otsatira Flames akudziwa kuti nkhani zotere zimafikanso ku Industrial Relations Court kwathu kuno, makochi ochotsedwa mosatsata ndondomeko akumawina.

Pali mtengo wina wosalembedwa. Makochi ambiri akuluakulu amaimiridwa ndi anthu ochepa omwewo. Jimmy Sexton yekha amaimira gulu lalikulu la makochi a mu SEC. Mukamuzemba kasitomala wake lero, mawa mukamafuna kochi watsopano mudzamupeza yemweyo ali mbali ina ya tebulo, ndipo adzaonetsetsa kuti kontrakiti yatsopano ilibe kabowo. Muyezo wake ndi wosavuta: kodi mlanduwu ukadamuchotsa munthuyu akadakhala kuti akupambana? Ngati yankho ndi ayi, musiyeni mlanduwo.

Kumusunga koma kumudula

Michigan idachita izi ndi Jim Harbaugh mu Januwale 2021, atapambana masewero awiri n'kugonja anayi m'nyengo yofupikitsidwa ndi Covid. Malipiro otsimikizika adatsika pafupifupi ndi theka kufika cha m'ma $4 miliyoni, zotsalazo azipeza akapambana, ndipo ngongole yomuchotsera idachepa. Adasintha omuthandizira, adatenga ligi ya Big Ten zaka zitatu zotsatizana, n'kumaliza ndi chikho cha dziko lonse mu Januwale 2024. Frost nayenso adadulidwa mu Novembala 2021, kuchoka pa $5 miliyoni kufika pa $4 miliyoni, ndipo tsiku lija la 1 Okutobala lidachokera m'kukambirana komweko, sizidamupulumutse. Mike Gundy ku Oklahoma State adadulidwa kumapeto kwa 2024 n'kuchotsedwa mu Seputembala 2025. Pa atatuwa mmodzi yekha ndiye adadzuka, koma pa ndalama njirayi siluza kwenikweni: mukadzamuchotsa, mumamuchotsa motsika mtengo, bola mukhale ndi mtima wofika pa tsiku lomwe mudalikambirana. Imatheka pokhapokha kochi akuikonda ntchitoyo kapena alibe kwina kopita.

Chomwe chasintha masamu onse

Mpaka posachedwa osewera samalipidwa, choncho ndalama zochuluka zimathera kwa makochi ndi nyumba zochitiramo mafizo. Kuyambira Julaye 2021 osewera amaloledwa kupanga ndalama ndi dzina lawo, ndipo mu Juni 2025 woweruza Claudia Wilken adavomereza mgwirizano pa mlandu wotchedwa House wolola sukulu iliyonse kugawira osewera ake mpaka $20.5 miliyoni m'chaka choyamba. Tsopano dola iliyonse yopita kwa kochi wochotsedwa ili ndi mpikisano. Mpondamatiki amene mukumupempha $10 miliyoni yochotsera kochi ndi yemweyo mumafuna kumupempha ndalama zogulira osewera. Kwa sukulu yapakatikati, funso lasanduka lakuti: kochi yemweyu ndi osewera abwinoko, kapena kochi watsopano ndi osewera omwewa? Ndipo kawirikawiri amene amamva kuwawa ndi masewero ang'onoang'ono osabweretsa ndalama, osambira, othamanga, a tenisi, chifukwa bajeti yawo ndiyo imadulidwa mwakachetechete.

Ndikayika zonsezi pasikelo, maganizo anga ndi awa. Sukulu yolemera ngati Texas A&M, Penn State kapena LSU itha kuchotsa nthawi iliyonse, koma nayonso ipindula ikakambirana isanalengeze, makamaka ngati kochiyo akadali ndi msika. Sukulu yapakatikati iyambe ndi kudula malipiro ndi kusintha omuthandizira, iike m'pepala tsiku lotsika ngongole, n'kulilemekeza. Sukulu yaing'ono, imene bajeti yake imachokera ku ndalama zomwe ophunzira amalipira, isachotse munthu wotsala ndi zaka zoposa ziwiri pokhapokha pali wopereka ndalama amene wasaina kale, chifukwa malonjezo apakamwa a anthu okwiya Loweruka usiku amazizira pofika Lolemba. Za mlandu zisiyidwe kufikira mlandu weniweni utapezeka.

Ndipo aliyense mwa iwo aziyang'ana kwambiri dzanja lake pa tsiku losangalala. Notre Dame idapatsa Charlie Weis kontrakiti ya zaka 10 mu 2005 atangotsogolera masewero asanu ndi awiri; idamuchotsa mu 2009 n'kumamulipira mpaka 2015, zonse pamodzi pafupifupi $19 miliyoni, ndipo kwa kanthawi amalandira kuwiri, chifukwa Kansas nayo idamulemba n'kumuchotsa mu 2014. Ya Tucker idasainidwa mu Novembala 2021 pakati pa nyengo imodzi yabwino. Pokambirana kontrakiti yotalika chonchi pali zinthu zitatu zoti sukulu iumirire: gawo lotsimikizika lisakhale lonse, ngongole izilipidwa pang'onopang'ono, ndipo ndime yochotsera malipiro a ntchito yatsopano ilembedwe momveka, kuphatikizapo malipiro ochepetsetsa amene adzawerengedwe ngakhale kochiyo atavomera ntchito yotchipa dala. Vuto n'loti sukulu imene ikuopa kulandidwa kochi siumirira kalikonse. Mu Okutobala 2025, Penn State itangotsegula mpando, Indiana idapatsa Cignetti zaka zisanu ndi zitatu pa ndalama pafupifupi $93 miliyoni. Pa 30 Novembala LSU, ngongole ya Kelly ili pamutu, idasainira Lane Kiffin wa ku Ole Miss zaka zisanu ndi ziwiri pa $91 miliyoni.